Belu la M'chipinda Chachitatu

Bucharest,
12 Novembala, 2017.

Okondedwa Achemwali Aurica,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Ilarie ndi ana, komanso kuti msana uja sukukuvutitsani kwambiri tsopano pamene ntchito yothyola malalanje yayambanso ku Spain kwanuko. Kuno tilipo. Mlamu wanu Mioara akuti wakusungirani mabotolo a jamu wa mapulamu, mudzatenge nokha chifukwa akatumiza pa basi amafika atasweka. Dzulo kwayamba kuzizira kwenikweni.

Mudabwa kulandira kalata yapamanja pomwe timayankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Ndalemba chifukwa nkhani imene ndili nayoyi imandikanirira pakhosi ndikangomva mawu anu. Kanayi konse ndakuimbirani nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena, mapeto ake n'kumangokufunsani za mvula.

Ndiyambe ndi zosavuta. Wansembe wa kwathu ku Păuliș wavomera kuti mwambo wokumbukira mayi patatha chaka chimwalirireni uchitike Loweruka pa 16 Disembala. Azakhali a Veta akuti koliva, phala la tirigu lokumbukira omwalira lija, aphika okha, wina asayerekeze kukhudza tirigu wawo. Mtanda wa pamanda ndaupakanso utoto.

Tsopano khalani pansi, Achemwali. Tsiku la maliro lija munandikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime, n'kundifunsa mafunso awiri. Munati, "Iwe Tudorel, mayi anamwalira mutalowa kale m'dziko lathu?" Ndinati inde. Munatinso, "Anali ndi kandulo m'manja?" Ndinati inde. Munandikumbatira, mukulira, n'kunena kuti mtima wanu wakhala pansi. Zonse ziwiri zinali bodza, ndipo bodza limenelo landidya chaka chathunthu.

Inu ndi ine tinakula tikudziwa kuti munthu samwalira wopanda kandulo yoyaka m'manja, kuopa kuti angakasochere mumdima kumene akupitako. Mukukumbukira mmene mayi anathamangira pa chipale chofewa opanda nsapato, kandulo ili m'manja, kupita kwa a Gligor oyandikana nafe aja, anthu amene anali asakuyankhulana nawo zaka zisanu chifukwa cha nkhani ya mpanda. Mayi ankati mkangano ndi mkangano, koma mdima sungamufunire mnzako.

Madzulo aja a pa 14 Disembala chaka chatha, ku Vienna, ndinawanyamula ndekha mayi kuwakweza m'sitima, m'bogi logona limene ndimaliyang'anira. Zaka zisanu ndi zinayi akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba ya eni, mapeto ake iwo ndi amene anapepuka ngati mwana. Ndinawagoneka m'chipinda chachitatu, bedi lapansi, pafupi ndi kachipinda kanga kogwirira ntchito. Lapamwamba ndinapempha mkulu wa sitima kuti likhale lopanda munthu. Sitima isananyamuke mayi anandiuza kuti nditsegule chikwama chawo chakuda chija. M'kati munali kandulo ya usiku wa Pasaka, yopsa theka, yokulunga m'kampango.

"Zinthu ziwiri basi, mwanawe," anatero. "Usandisiye m'dziko la eni. Ndipo ukaona kuti ndikupita, uyatse."

"Mukupita kuti, mayi? Mawa m'mawa mukamwa supu ya Azakhali a Veta, mukaidandaulanso kuti yachepa mchere."

"Usandinyengerere ngati khanda iwe. Ndatseka maso a anthu angati ine? Ndikudziwa mmene imfa imafikira."

Inu mumabwera pa ndege, choncho njira imeneyi simuidziwa. Sitima yathu imalowa mu Budapest cha m'ma teni koloko usiku. Imaima pang'ono pa Kelenföld, n'kuwoloka mlatho wa pa Danube, kenako imakhota kudutsa kuseri kwa nyumba zosanja ndi mabwalo a sitima za katundu, kupita ku siteshoni ya Keleti. Isanafike, pafupifupi ulendo uliwonse imaima pa nyali yofiira kudikira kuti sitima zam'tauni zituluke. Malo amenewo ndi pakati pa njanji zambirimbiri, mbali ina kuli mabogi akale odya dzimbiri, mbali inayo khoma lalitali, ndipo palibe nyali ya mumsewu imene imafikapo. Ku Keleti njanji zimathera pakhoma. Amadula injini, magetsi amazima kwa kanthawi, amalumikiza ina kumchira, ndipo sitima imabwerera m'mbuyo njira yomweyo isanapatuke kulowera kwathu.

M'kachipinda kanga muli bolodi la tinyali, chipinda chilichonse ndi kake. Munthu akadina batani, belu limalira ndipo kanyali kake kamayaka. Titangokwera pa mlatho, kanyali kachitatu kanayaka. Ndinawapeza atagwira kandulo ija ndi manja onse awiri pachifuwa.

"Yatsa," anatero.

Achemwali, ndinayang'ana kudenga. Muli kachipangizo konunkhiza utsi, kakangomva kamalira bogi lonse, mkulu wa sitima n'kubwera ndi cholembera chake. Moto m'bogi ndi mlandu wochotsa munthu ntchito. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinali ndisanalembedwepo ngakhale kamodzi, ndipo mukundidziwa, ine ndimaopa bwana ngakhale ali patchuthi.

"Dikirani pang'ono, mayi. Tikafika ku Keleti magetsi azima, aliyense atsikira panja kukasuta fodya. Pamenepo ndiyatsa, palibe aone. Mphindi khumi ndi zisanu zokha."

"Mphindi khumi ndi zisanu," anabwereza motero, akumwetulira pang'ono. "Ndiwe mwana wa bambo ako ndithu."

Ndinatuluka kukayala mabedi a anthu anayi amene amakwerera ku Budapest, monga ndimachitira nthawi zonse pa gawo limenelo la njira. Sitima inaima pa nyali yofiira. Belu linalira kamodzi. Ndinali nditagwira ngodya ya nsalu yoyala, ndipo ndinati ndimalize kaye kupinda, chifukwa bedi loyala theka silioneka bwino. Zengerezu analinda kwawukwawu, Achemwali. Nditalowa, maso anali otsegula, kuyang'ana pazenera, kandulo ili m'manja yosayatsa.

Ndikanatha kuyatsa pomwepo, thupi lidakali lofunda, monga amachitira anthu akachedwa. Sindinayatse. Ndinaganiza kuti kachipangizo kaja kakalira, anthu abwera, aona, ndipo ku Keleti awatsitsa, akawaika m'nyumba yozizira mumzinda umene palibe woyankhula chinenero chawo. Lonjezo limodzi ndinali nditaliphwanya kale, ndiye ndinakakamira linalo. Ndinawatseka maso, kuwatembenuzira kukhoma, kuwafunditsa bulangeti mpaka m'makutu. Ku Keleti ndinaima pakhomo la bogi nditavala chipewa changa, kulandira matikiti. Ndinamwetulira, Achemwali. Ndinafunsa anthu ngati akufuna tiyi kapena khofi m'mawa.

Pamalire wapolisi anatsegula chitseko cha chipinda chachitatu. Ndinamupatsa chiphaso chawo n'kunong'ona kuti ndi mayi anga, akudwala, angogona kumene. Anawaunika kumaso ndi tochi, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuunikanso. Kenako anazimitsa n'kunena chapansipansi kuti, "Asiyeni apume." Kuwala kokha kumene mayi analandira usiku umenewo ndi tochi ya wapolisiyo. Titafika ku Arad ndi pamene ndinathamangira kwa mkulu wa sitima kukanena kuti amwalira kumene, ndipo kandulo ndinayatsira papulatifomu, patapita maola asanu ndi limodzi.

Ndinkaganiza kuti tikawaika m'manda kwathu nkhani yatha. Koma ulendo wanga woyamba mu Januwale, titaima pa nyali yofiira ija, belu linalira kamodzi ndipo kanyali kachitatu kanayaka. Chipindacho chinali chopanda munthu, kiyi ali m'thumba mwanga. Ndinaitana wa magetsi ku depoti, anatsegula bolodi lonse, anati palibe chavuta, mwina chavuta ndi mutu wanga. Kuchokera pamenepo, ulendo uliwonse wochokera ku Vienna belu limalira pamalo omwewo, kamodzi kokha. Popita ku Vienna sililira.

Mu Marichi m'chipindamo munagona mayi wina wa ku Deva, wogwira ntchito yonga imene ankagwira mayi. Anali yekha, ndipo anasankha bedi lapamwamba. M'mawa ndikumubwezera tikiti yake ndi khofi, anandifunsa kuti, "Agogo aja atsikira pati?"

"Agogo ati?"

"Amene munawalowetsa ku Budapest aja. Anandigwira phazi kundidzutsa, akuti muli ndi machesi? Ine ndinati sindisuta, agogo. Koma inunso, munthu wamkulu ngati uja kumulowetsa opanda kumuyatsira nyali?"

Ndinati mwina analota, iye anati kulota amakudziwa. Mu Juni bambo wina woyendetsa malole ananenanso zomwezo, mpaka mpango wakuda ndi chikwama chokhala ndi kachitsulo kofiirira pakamwa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulemba kuti mpope wa m'chipinda chachitatu ukudontha, chisagulitsidwe.

Simuwadziwa a Pandele. Ndi madala amene amayang'anira bogi lotsatira langa, atsala chaka chimodzi kupuma ntchito, ndipo botolo lawo la tiyi silinaonepo tiyi. Mwezi watha, tili pakati pa Vienna ndi Budapest, analowa m'kachipinda kanga, kukhala pa thumba la nsalu zakuda, n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, mpope wa nambala filii uja udzakonzedwa liti? Kapena ukufunika wansembe osati pulambala?"

Ndinayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunatuluke.

"Usavutike," anatero. "Usiku uja unazungulira bogi lonse ndi thireyi ya tiyi, koma kuchokera ku Budapest mpaka ku Arad sunalowe kwa mayi ako ngakhale ndi kapu ya madzi. Ine ndine chidakwa, koma si wakhungu."

Ndinawauza zonse, ndikulira ngati mwana wa sukulu. Atamva za kachipangizo kakudenga kaja, anavula nsapato, kuvula sokosi, n'kundiponyera pamiyendo.

"Umakaveka iyi kachipangizoko, basi. Wosuta fodya aliyense amadziwa. Iwe zaka zonsezi sudziwa?"

Ndimadziwa, Achemwali. Ndachotsapo masokosi a anthu pa kachipangizo kameneko kosawerengeka, ndikuwakalipira. Usiku uja ndinali ndi masokosi kumapazi konse kuwiri. Ichi ndicho chimandiwawa kuposa zonse.

Ulendo wotsatira ndinatenga kandulo ija, imene ndimaisunga m'kampango kake komwe. Titawoloka mlatho ndinatsegula chipinda chachitatu, kuveka sokosi kudenga, n'kukhala pa bedi lapansi. A Pandele anaima pakhomo kuyang'anira mkulu wa sitima. Sitima inaima. Kuseri kwa khoma ndinamva belu likulira m'kachipinda kanga, pomwe batani linali pamaso panga, palibe wolikhudza. M'chipinda munazizira mpaka mpweya wanga unayamba kuoneka. Ndinakhwatcha machesi, kandulo inayaka bwinobwino, lawi lili chilili, kenako linangoti thi, ngati wina walitsina ndi zala. Zenera linali lotseka. Ndinayatsanso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinathyola timitengo tiwiri, ndipo litazimanso, ndinayang'ana panja.

Pakati pa njanji, patali ngati kuchokera pakhomo pathu kukafika pachitsime, panaima mayi wamfupi wa mpango wakuda, chikwama atachipanira m'khwapa. Anali atatipatsa mbuyo, akuyang'ana ku Keleti. Ndinamenya galasi ndi chikhatho, ndikuitana. Anatembenuza mutu pang'ono, koma sanayang'ane ine. Ankayang'ana mazenera a bogi limodzilimodzi, monga amachitira munthu amene wabwera kudzachingamira m'bale wake. Nyali inasintha, sitima inayamba kuyenda. A Pandele anati iwo sanaone kanthu, koma anadzilemba mtanda katatu ndipo botolo lawo sanalikhudzenso mpaka ku Arad.

Titatembenuka ku Keleti n'kudutsanso pamalo paja, ndinawaonanso, atasuntha pang'ono, akuyendabe cholowera kusiteshoni. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Mayi anatsika sitima ikuloza kumeneko, ndiye akuganiza kuti kwathu ndi kutsogolo. Sadziwa kuti kutsogoloko njanji zimathera pakhoma, ndipo kuti wopita kwathu ayenera kubwerera m'mbuyo. Ine ndinafikitsa thupi ku Păuliș n'kumadzitama mumtima kuti lonjezo limodzi ndasunga, pomwe mayi eniake ndinawasiya m'dziko la eni, mumdima wandiweyani.

Pali mawu amene ndawalumpha m'mwambamu, ndipo ndimafuna kuti kalata ithe ndisanawalembe. Usiku uja pa mlatho, nditafika pachitseko kuti ndizituluka, mayi anayankhulanso. Sanakalipe. Anangoti, "Aurica akanayatsa." Amenewo ndiwo mawu awo omaliza, ndipo ananena zoona. Inu munakwera mpanda wa sukulu kukatenga mpira wanga pomwe ine ndinkawerenga chikwangwani choletsa.

Lachinayi lapitali sitima inadzaza, ndipo mkulu wa sitima anati za mpope wodontha zamukwana, chipindacho chigulitsidwe. M'menemo munagona mphunzitsi wina wamkazi wa ku Sighișoara. M'mawa ndinamutengera khofi ndikudikira nkhani ya machesi. Iye anati agogo amene anakhala pa bedi lapansi ku Budapest sanapemphe kanthu, anangofunsa funso limodzi. Ndinati funso lanji? Anati, "Akuti, Aurica wakwera? Kodi Aurica ndi ndani, bambo? Ndi wa m'bogi muno?"

Ndiye pempho langa ndi ili, ngakhale ndilibe nkhope yopemphera. Pobwera ku mwambowu musakwere ndege ya ku Timișoara. Mutsikire ku Vienna, mukwere sitima yanga madzulo a Lachinayi pa 14 Disembala. Tikafika ku Arad Lachisanu m'mawa, nthawi yothandiza Azakhali a Veta ikadalipo. Kuyambira mu Januwale andisamutsira ku sitima ya ku Chișinău, ndipo ulendo umenewu ndi wanga womaliza kudutsa mu Budapest. Ukangodutsa, palibenso wa magazi athu amene adzaime pa nyali yofiira ija. Ndikufuna muyatse inuyo, muigwire pazenera mpaka sitima itatembenuka ku Keleti ndi kupatukira njira ya kwathu, kuti aone kolowera. Sokosi sindiveka. Kachipangizo kalire, mkulu wa sitima abwere ndi cholembera chake, ndimuuza dzina langa ndi kalembedwe kake.

Mwina muwerenga izi n'kunena kuti mlongo wanu wazungulira mutu ndi kusagona, monga akunenera Mioara. Mwina mukwiya moti simufunanso kumva mawu anga. Zonsezo ndalandira. Mukhoza kukwera osandipatsa moni, kukhala osandiyankhula mpaka ku Arad, ngakhale mpaka kalekale. Ine ndiima kunja kwa chitseko. Koma bwerani, Achemwali, chifukwa mlanduwu ndi wanga koma amene akuzizidwa panja paja ndi mayi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ilarie, muwauze kuti ndikudziwa kuti masiku ano ndi a ntchito yambiri, andikhululukire pokuchotsani msanga. Kwa Costel ndi Irinuca, muwapsompsone m'malo mwanga, koma musawauze zimene amalume awo anachita mpaka atakula. A Pandele, amene simuwadziwa, akuti ndikupatseni moni ndipo mudzavale zofunda. Mioara akupereka moni. Kale ndikamakulemberani uthenga ndinkamaliza ndi mawu akuti mayi akukufunsani. Lero ndalembanso mawu omwewo, ndipo m'kalata yonseyi ndi amene dzanja langa lavutika nawo kwambiri: mayi akukufunsani.

Tikiti yanu ndaiika m'envulopu momwemu. Bogi ndi langa, chipinda chachitatu, bedi lapamwamba. Lapansilo ndalipira ndekha kuti asagulitse kwa wina, lili ndi mwini wake. Kandulo ili ndi ine. Machesi mubwere nawo anu, anga amawakana.

Ndine mlongo wanu amene anakunamizani pachitsime,

Tudorel